Wobanika Sadikira pa Mzere

Mwa mavuto onse amene amafika pa chipatala mwadzidzidzi, kubanika ndiko sikupereka mpata. Gwero lake lingathe kukhala chibayo, mphumu, matenda a mtima kapena kuchepa kwa magazi kodza ndi malungo, koma dokotala asanafufuze zonsezo amayamba waona ngati mpweya ukulowa.

Nzeru imeneyi inakhwimira kwathu konkuno. M'chaka cha 2001, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala motsogozedwa ndi Elizabeth Molyneux anakhazikitsa dongosolo loona ana pakhomo pomwe, kuti wobanika asakhale pa mzere. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8. Njirayi, yotchedwa ETAT, inafalikira m'zipatala za maboma.

Komatu kumuzindikira msanga wodwala sikumupatsa mpweya. Kachipangizo kopanira chala kakaonetsa kuti okosijeni watsika pansi pa 90, pamafunika silinda kapena makina a concentrator, ndipo makinawa sagwira ntchito popanda magetsi. Tikukumbuka Januwale 2021, pamene Covid-19 inatenga nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, tsiku limodzi, masilinda akusowa m'zipatala. Patangotha chaka, namondwe Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 mpaka 2023. Nchifukwa chake ife tikuona kuti sola, zipangizo zosinthira ndi amisiri okonza makina n'zofunika kuposa mwambo wolandira mphatso pamaso pa atolankhani. Ngakhale makina abwino amafuna munthu: kafukufuku wa ku Salima wa 2019 anapeza kuti ana a chibayo amene anaikidwa pa makina a CPAP popanda dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku anamwalira ochuluka kuposa amene analandira okosijeni wamba.

Kwa ife a ku Machinga ndi Balaka, mdani wina ndi mtunda. Kuchoka ku Nayuchi kapena Chikweo kukafika ku Liwonde, kuchoka ku Utale kukafika pa Balaka, ndi ulendo ndithu, makamaka nthawi ya dzinja. Tsono inu akatekisiti, amene nthawi zambiri mumayamba kuitanidwa pa khomo la wodwala, werengani kapumidwe kwa mphindi imodzi. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, apite ku chipatala tsiku lomwelo. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati, milomo ikada, kapena wamkulu akalephera kumaliza chiganizo, musadikire kuti kuche. Mkhazikeni tsonga, itanani wa njinga yamoto, pemphero mupitirize panjira.