Wofufuza za Matenda Afunsire Ntchito Asanamalize Buku Lake

Pa tsiku la sikelo, amayi akakhala pamzere pa chipatala cha Kwitanda kapena cha Chiyendausiku, nkhani za ana zimachuluka. Nthawi zina pamamveka dandaulo lakuti mwana wa uje, amene adapita ku yunivesite kalekale kukaphunzira za matenda, mpaka lero akadali pa sukulu, ndipo tsopano akulemba makalata ofunsira malo ena pamene maphunziro ali m'manjawo sadamalize. Ena amati mwanayo akuopa ntchito. Ena amati ndi dyera, ndipo amakumbutsana kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Dandaulo limeneli nlomveka, koma mwana wotereyu akuchita zoyenera, ndipo nkofunika kuti makolo ndi abale ake amvetse chifukwa chake.

Digiri yapamwamba kwambiri ya ku yunivesite imatchedwa PhD, ndipo mwini wake amatchedwa dokotala ngakhale asamalembe mankhwala kapena kubaya jakisoni. Kuti munthu aipeze amatha zaka zitatu kapena zinayi akufufuza funso limodzi lokha, monga chifukwa chimene udzudzu wa dera lina sukufera mankhwala a m'masikito. Pomaliza amalemba buku lalikulu lofotokoza zimene wapeza. Bukulo amaliwerenga akatswiri ena, kenaka amamuitana ndi kumufunsa mafunso maso ndi maso. Akapambana sindiye kuti wakhwima. Amafunika kugwira ntchito zaka zina ziwiri kapena zitatu pansi pa katswiri wamkulu asanayambe kutsogolera kafukufuku wakewake. Ntchito imeneyi ophunzira amaitcha postdoc. Si sukulu ayi, koma ntchito ya malipiro.

Chimene chimamukakamiza kufunsira ntchitoyi msanga ndi nthawi. Ndalama zimene amalandira pochita PhD zimakhala ndi tsiku lothera, ndipo tsikulo silidikira kuti buku lithe. Akapereka bukulo pamapita miyezi akatswiri asanamuyese. Malo a postdoc nawonso ngochepa, amalengezedwa pa nthawi yake, ndipo kuchokera tsiku lolemba kalata kufikira tsiku loyamba ntchito pamapitanso miyezi yambiri. Wodikira kuti ayambe wavala mkanjo wa digiri angathe kukhala chaka chathunthu manja ali lende. M'chaka chimenecho njala imamukankhira ku ntchito iliyonse imene yapezeka, ndipo kafukufuku wake amafera m'njira. Mlimi wanzeru amasankha mbewu ya chaka chamawa chimanga chisanalowe m'nkhokwe, ndipo amasosa mvula isanagwe. Palibe amene amamunena kuti ngwadyera.

Nkhani imeneyi ikukhudza banja lililonse la kwa Nsamala, chifukwa mankhwala amene limalandira pa chipatala amasankhidwa potsatira kafukufuku. Mu 1993 Malawi adakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo ndi kuyamba Fansidar, popeza ofufuza adaonetsa kuti chloroquine sakuchizanso ana ambiri. Mu 2007 Fansidar naye adafooka, ndipo m'malo mwake mudalowa LA. Mu April 2019 Malawi adakhalanso woyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana pa sikelo, m'maboma 11, ndipo Balaka ndi Machinga adali m'gulumo. Zimene zidapezeka kuno, ku Ghana ndi ku Kenya zidathandiza bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO kuvomereza katemerayo mu October 2021. Katemera wa tayifodi, amene adafika m'dziko lonse mu 2023, adayamba wayesedwa mu 2018 pa ana opitirira 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre. Pafupi pomwepa, kuyambira 2009, achinyamata a m'midzi yozungulira tauni ya Balaka adayankha mafunso a kafukufuku wotchedwa Tsogolo la Thanzi, wokhudza uchembere ndi Edzi.

Ntchito zonsezi zimafuna anthu odziwa kuwerengera odwala, kupima magazi ndi kulemba zoona zokhazokha. Wophunzira wotere akatayika pakati pa digiri ndi ntchito, zimene zimatayika si zaka zake zokha. Magazi amene mayi adalola kuti mwana wake atengedwe pachala, ndi maola amene gogo adakhala pamkeka akuyankha mafunso, zimangokhala m'mabokosi popanda wozitanthauzira.

Komabe mwambi wa pusi uja uli ndi choonadi chimene wophunzira sayenera kuchinyoza. Alipo amene amatanganidwa ndi makalata ofunsira ntchito mpaka buku kuliiwala, ndipo ntchito ikapezeka amalephera kuiyamba chifukwa digiri palibe. Tsono pafunika dongosolo. Maola abwino a m'mawa akhale a buku, makalata adikire madzulo. Asamwaze makalata paliponse, koma asankhe malo ochepa amene ntchito yake ikugwirizana ndi zimene wakhala akufufuza. Akambirane ndi mphunzitsi womuyang'anira nthawi ikadalipo, popeza ndiye adzalembe kalata yomuchitira umboni, ndipo kalata yolembedwa mothamanga siyithandiza. Ayesetse kuti gawo lina la zimene wapeza lisindikizidwe m'magazini a akatswiri, chifukwa olemba ntchito amayang'ana zimenezo poyamba. Koposa zonse anene zoona za mwezi umene adzapereke buku lake. Wonama pa tsiku sangakhulupirike pa chiwerengero cha odwala.

Funso lina nlakuti afunsire kuti. Kale Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kupita kunja, pakuti sukulu ya madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa mu 1991. Lero zinthu zidasintha. Mu 1995 mudayamba bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo mu 2021 College of Medicine idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Wophunzira ayambe wagogoda pa makomo a kwawo ameneswa. Kupita ku Liverpool, London kapena Cape Town si mlandu, popeza kumeneko kuli zipangizo ndi akatswiri, koma apite atanyamula funso la kwawo ndiponso atakonza njira yobwerera. Nawo mabungwe a kuno akadachita bwino kusunga ndalama pang'ono zosamalira wophunzira pa miyezi ya pakati pa kupereka buku ndi kuyamba ntchito, chifukwa mpata umenewo ndiwo umataya anthu.

Makolo ndi abale ali ndi mbali yawo. Chaka chomaliza cha PhD ncholemetsa, ndipo ndalama za wophunzira zimakhala zikutha. Si nthawi yomusenzetsa feteleza wa mudzi wonse kapena kumuitana pa milandu iliyonse ya pabanja. Akakanidwa malo ena asamuseke, popeza ofunsira amachuluka kuposa malo, ndipo akatswiri ambiri adayamba akanidwapo.

Nayenso wophunzirayo ali ndi ngongole. Akapeza ntchito yake, akumbukire kuti nzeru zimene zili m'buku lake adazitola m'midzi. Abwerere kwa mfumu, kwa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi kwa alangizi a zaumoyo, akafotokoze m'chinenero chomveka zimene adapeza m'magazi ndi m'mayankho a anthu. Amayi a pa sikelo akadzamva yankho la funso limene adathandiza kufufuza, sadzafunsanso chimene mwana wa uje akuchedwera ku sukulu.