Mwana Mmodzi Akaphunzire za Nkhokwe

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, tinakhala pakhonde la nyumba ina kuno ku Geelhoutpark, ife amuna a kumudzi amene tinabwera ku Rustenburg kutsata ndalama za m'migodi. Mwana wamkazi wa mwini nyumba, amene ankalemba matric chaka chimenecho, anatibweretsera tiyi. Wina anamufunsa kuti, "Iwe mwana, ukakhoza ukaphunzira chiyani?" Iye ananyonyomala n'kuyankha kuti, "Za ulimi, agogo. Makamaka kasungidwe ndi kakonzedwe ka zokolola." Pakhonde ponse panamveka phwete. Bambo ake anati, "Ine ndinathawa khasu ku Ntcheu, ndiye iwe ukalitolenso ndi digiri?" Mwanayo anatenga thireyi n'kulowa m'nyumba. Ine sindinaseke nawo, komanso sindinamuikire kumbuyo, ndipo chete wa tsiku limenelo wakhala akundiwawa mumtima. Lero ndiyankhula, ndipo ndikuyankhula kwa inu makolo anzanga a kuno ku Joni.

Tiyambe ndi zimene tonse timazidziwa. Mwala umene timatulutsa pansi suoneka ngati chuma. Mu tani yathunthu mumapezeka magalamu owerengeka chabe a pulatinamu ndi zitsulo zinzake, kawirikawiri anayi kapena asanu. Mwalawo umaperedwa, umasefedwa, umakasungunulidwa m'ng'anjo ngati ya ku Waterval ija, kenako umayengedwa, ndipo pa khomo lililonse pamakhala munthu wophunzira amene amayeza ndi kulemba. Galamu imodzi ikasowa, amakhala pansi kufunsana. Ife okumba timatuluka thukuta lambiri, koma amene anaphunzira za pambuyo pa kukumba ndiwo agwira mtima wa mgodi, ndipo malipiro awo timawadziwa. Nanga n'chifukwa chiyani tikamva za pambuyo pa kukolola timaseka? Chimanga chili m'munda n'chimodzimodzi mwala uli pansi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chiyambire nthawi ya Wenela ndi Theba, amuna a ku Malawi akhala akutumiza ndalama kumudzi. Masiku ano chaka chilichonse ikafika Okutobala, lamya zimalira: feteleza, mbewu, aganyu. Timathamangira ku Mukuru, timatumiza. Mu Meyi amatiuza kuti tapata matumba makumi atatu, ife n'kumwetulira. Mu Januwale lamya yomweyo iliranso kuti chakudya chatha. Ndani mwa ife anafunsapo kuti matumba aja anapita kuti?

Ine ndinakadzionera ndekha chaka china pa Khirisimasi. Mlongo wanga anasanja matumba m'chipinda chogona, chifukwa masiku ano nkhokwe ya panja akuba sailekerera. Usiku nyumba itakhala zii, ndinamva kaphokoso kochokera pa matumbapo, ngati wina akukanda mphasa ndi zikhadabo. M'mawa tinamasula thumba limodzi. Pamwamba chimanga chinkaoneka bwino ndithu, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nditapisa mkono mpaka m'chigongono, unatuluka uli mbuu, fumbi lokhalokha, anankafumbwe akuyenda m'zala. Njere iliyonse imene ndinaifinya inangoti phwa. Mlongo wanga anati, "Achimwene, mankhwala ndinathira, ndinagula pamsika." Anathiradi. Koma anathira m'chimanga chosaumitsitsa, mankhwala ake osadziwika kumene anachokera, muyeso wake wa m'maso. Feteleza wa chimanga chimenecho ndinagula ine ndi ndalama za mashifiti a usiku. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti kwa zaka zambiri ndakhala ndikulimira nankafumbwe.

Wina anena kuti agogo athu ankasunga chimanga popanda digiri. Zoona, ndipo nzeru zawo sindizinyoza. Ankadziwa kumata nkhokwe ndi dothi, kusunga mbatata m'nkhuti ndi phulusa, kupachika mbewu pamwamba pa moto kuti utsi uziiteteza, kufutsa masamba n'kuwamanga m'chikwatu. Koma chimanga chawo chinali cha makolo, cholimba njere, makoko ake otseka mpaka kunsonga. Cha haibulidi chimabereka kwambiri, koma mitundu yambiri njere zake n'zofewa, nankafumbwe amangolowa ngati pakhomo pake. N'chifukwa chake akatswiri a ku Chitedze anavutikira kupanga MH17 ndi MH18 cha m'ma 1990, kuti tipeze chimanga chobereka koma cholimbirako, chokonoleka bwino mumtondo. Ndiponso mdani anasintha. Nankafumbwe wamkulu uja, amene amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, agogo athu sankamudziwa. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Anafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, n'kulowa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chakudza sichiimba ng'oma. Mdani wachilendo amafuna munthu amene wamuphunzira.

Nankafumbwe ngwabwinoko chifukwa amaoneka. Choopsa kwambiri ndi chuku. Mtedza kapena chimanga zikasungidwa ndi chinyezi, mtundu wina wa chuku umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Alibe fungo loti n'kukuchenjezani, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumupha. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ofufuza amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga chotere. Tsono taganizani zimene timachita kumudzi. Mtedza timauwaza madzi kuti makoko afewe tiswe msanga. Wabwino timasankha n'kugulitsa kwa mavenda, wofota ndi wakuda uja ndiye timasinja nsinjiro za m'phala la mwana. Mayi amachita zimenezi mwachikondi, sadziwa. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, amatero akuluakulu, koma apa zatembenuka: kusadziwa kwa wamkulu kukupota mwana. Mtedza wa ku Malawi unali ndi mbiri m'misika ya ku Ulaya, ndipo chimodzi mwa zimene zinatitsekera khomo ndi poizoni yemweyu, pakuti kumeneko amayeza asanalandire. Alimi a NASFAM a ku Mchinji anabwereranso pamsikawo pokhapokha ataphunzira kuumitsa, kusankha ndi kuyezetsa mtedza wawo, mothandizana ndi akatswiri a ICRISAT a pa Chitedze. Makasu awo anali omwewo, minda yomweyo. Chimene anawonjezera ndi sukulu.

Tsono mwana uja akapita ku yunivesite, sakaphunzira kupalira. Akaphunzira kuti njere ndi chamoyo, imapuma, imatulutsa kutentha, ndipo chimanga sichiyenera kulowa m'thumba chinyezi chake chisanatsike kufika cha m'ma 13 peresenti. Akaphunzira kuyeza chinyezicho ndi makina, komanso kuphunzitsa mlimi wopanda makina kuyeza ndi botolo louma ndi mchere: mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimanga chibwerere padzuwa. Akadziwa chifukwa chake thumba la PICS, lija anapanga a ku Purdue University ku America, limapha nankafumbwe popanda mankhwala. Mapulasitiki awiri a m'kati amatseka mpweya, tizilombo timamaliza wotsalawo n'kufa tokha. Ndipo akadziwanso kuti thumba lomwelo ukaikamo chimanga chachiwisi kapena khoswe akaliboola, wataya ndalama. Akaphunzira kuti tomato ndi mango zimapitiriza kupsa zitathyoledwa, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 zimawonongeka mofulumira kawiri kapena katatu. Amene anadutsapo pa Lizulu kapena pa Tsangano nthawi ya tomato wambiri, n'kuona madengu akuwola m'mbali mwa msewu amayi atagwira tsaya, amvetsa zimene ndikunena. Kunyanja nako, usipa woyanika pamchenga kapena pathandala nthawi ya mvula umawola, pamene woumitsidwa m'matenti a pulasitiki otenthedwa ndi dzuwa umatuluka woyera, wogulitsika m'masitolo a m'tauni. Matenti amenewo anayesedwa ndi kukonzedwa ndi anthu ophunzira.

Ndiye pali mbali ya kayendetsedwe, imene ife timaiona ngati yaing'ono. Mlimi amagulitsa mu Epulo ndi Meyi mtengo uli pansi, chifukwa akuopa kufumbwa ndiponso ngongole zamupana. Mu Januwale amakagula chimanga chomwecho kwa venda yemweyo pa mtengo wokwera. Amene ali ndi posungira pabwino ndiye mwini mtengo. Kuno mukamalowera ku Koster ndi ku Lichtenburg mumaona nkhokwe zakonkire zitaima ngati mapiri. Mlimi akafika ndi lole yake, amatapa chimanga, amayeza chinyezi, amaona zinyalala ndi njere zowonongeka, amachipatsa giredi, n'kumupatsa chikalata. Chikalatacho ndi ndalama: akhoza kukongolera ku banki kapena kudikira mtengo ukwere. Ku Malawi a ACE anayamba njira yomweyi ya malisiti a m'nyumba zosungiramo mbewu, ndipo nkhokwe za NFRA ku Kanengo zilipo. Koma nyumba siisunga mbewu yokha. Pamafunika woyeza wokhulupirika, wodziwa kufukiza mankhwala mosapha anthu, wolemba mabuku, wodziwa nthawi yotulutsa. A FAO ananena mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha dziko lonse limatayika kapena kuwonongeka. Kwa olemera chimatayikira patebulo. Kwathu chimatayika chisanafike n'kumsika komwe.

Sukulu zake zilipo, ndipo si za kutali. Ku Bunda, kumene kwakhala kukuphunzitsa za ulimi chiyambire zaka za m'ma 1960 ndipo kuyambira 2012 kuli pansi pa LUANAR, kuli maphunziro a sayansi ya zakudya ndi a uinjiniya wa za ulimi. Ku NRC kuli madipuloma. Ku Zimbabwe, yunivesite ya Chinhoyi ili ndi nthambi ya za mbewu ndi luso la pambuyo pa kukolola. Kuno ku South Africa, chigawo chathu chomwe chino cha North West chili ndi maphunziro a ulimi ku North-West University ku Mahikeng ndi ku koleji ya ulimi ya ku Potchefstroom. Ku Stellenbosch kuli Pulofesa Linus Opara, wochokera ku Nigeria, amene moyo wake wonse waupereka pa nkhani yomweyi ya zokolola, ndipo ophunzira ochokera m'maiko ambiri a mu Africa adutsa m'manja mwake. Mwana wa mu Africa mnzathu anafika pamenepo ndi phunziro limene linasekedwa pakhonde paja.

Zitseko zimenezi zili ndi makiyi ake, ndipo m'mera mpoyamba. Mwana amene mukumuganizira asathawe masamu, Biology ndi Chemistry ali ku sekondale, chifukwa popanda zimenezi sadzaloledwa. Amene ali kumudzi ayesetse makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo adziwe kuti pali bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite. Amene mukufuna adzaphunzire kuno, mapepala ake a sukulu ayenera kuunikidwa kaye, ndipo chilolezo chophunzirira chikhale chenicheni. Maiko a SADC anasainirana pangano la za maphunziro ku Blantyre mu 1997 loti mwana wa m'chigawo chino azitengedwa ngati wa pakhomo pa nkhani ya fizi. Pitani ku ofesi ya sukulu mukafunse mmene akulitsatira. Musamvere za pa shabini. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa chimene chili m'mitima yanu: ntchito akaipeza kuti? Funso labwino, pakuti tonse tikudziwa ana a madigiri amene akungokhala ku Area 25 ndi ku Ndirande. Sindingakulonjezeni ofesi ya boma. Koma makampani opanga ufa, mafuta ophikira, chiponde ndi zakudya za nkhuku sagula mbewu popanda woyeza. Malo olongedza zipatso, ngati a mango ku Salima kapena a malalanje kuno, sayenda popanda wodziwa za kuzizira. Ndipo mwana wotereyu akasowa womulemba, ali ndi poyambira pamene mnzake wa digiri ina alibe. Ife kuno timasonkha ndalama za maliro mokhulupirika, mwezi ndi mwezi, kuti mnzathu akagwa thupi lake likafike kumudzi. Zimenezo n'zabwino, tisasiye. Koma anthu omwewo bwanji osasonkha kuti timange nyumba yosungiramo mbewu pa mudzi umodzi, yokhala ndi sikelo yoona, makina oyezera chinyezi ndi matumba abwino, woyang'anira wake n'kukhala mwana wathu amene tamuphunzitsa? Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso tisadzinamize, migodi ino si yamuyaya. Mitengo ya pulatinamu ikagwa mashafuti amatsekedwa, anzathu tawaona akubwerera ndi chikwama chimodzi. Madzi saiwala khwawa. Tonse tidzakadya nsima ya kumudzi, ndipo idzachokera m'matumba omwe aja.

Sindikunena kuti ana onse apite ku ulimi. Anamwino tikuwafuna, aphunzitsi tikuwafuna. Ndikupempha mmodzi, pa banja kapena pa mudzi, ndipo asakhale uja walephera kwina konse. Akhale wanzeru uja, amene mukanamutumiza ku udokotala.

Ndipo kwa iwe mdzukulu wanga amene unatibweretsera tiyi, mwina ena adzakuuza kuti tsabola wakale sawawa, mawu a nkhalamba ngati ine usawamvere. Koma pa nkhani iyi iwe ndiye unaona patali kuposa ife tonse amene tinakhala pakhonde paja. Ndinayenera kunena zimenezi tsiku lomwelo. Bambo ako ndikawaona Lamulungu likubwerali, ndipo ndikawafunsa kaye za matumba awo a chaka chatha, kuti analowa angati ndipo anadyedwa angati. Iwe konza mapepala ako, uone masiku otsekera kulembetsa ku Mahikeng ndi ku Bunda, ndipo ndalama ya fomu ubwere udzatenge kwa ine.