Musanathire maziko a mdadada, yambani mwapeza malo a chimbudzi

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama n'kuyamba kulowa m'matumba, pa Mtunthama pamachuluka ngolo zonyamula njerwa ndi malata. Ambiri amene apeza kangachepe amamanga mdadada: zipinda zogundana pa mzere umodzi, khomo lililonse banja lake. Ofuna lendi sasowa, poti m'derali muli Kamuzu Academy, chipatala cha St Andrew's, sukulu zina komanso anthu ochita geni. Koma inu makolo ndi inu odzipereka pa zaumoyo, mudayamba mwafunsa kuti mabanja onsewa azidzithandiza kuti, nanga madzi akumwa azitunga pati?

Mafunso amenewa ndiwo mutu weniweni wa malamulo a mapulani a nyumba. Ambiri amawaona ngati njira ya khonsolo yotolera ndalama, chonsecho ambiri mwa malamulowa adalembedwa pofuna kupewa matenda.

Zimene malamulo akunena

Kale, pansi pa lamulo la Town and Country Planning la 1988, mapulani ankatsatidwa makamaka m'mizinda, m'matauni ndi m'madera ena osankhidwa. Lamulo la Physical Planning la 2016 lidasintha zimenezi poika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani. Choncho malo a malonda ngati Mtunthama, amene ali pansi pa khonsolo ya boma la Kasungu, nawonso akukhudzidwa. Amfumu akakupatsani malo, kapena mukagula puloti kwa mnzanu, nkhani ya umwini imakhala yatha, koma chilolezo chomangira chimachokera ku khonsolo.

M'chaka cha 2024, Nyumba ya Malamulo idavomerezanso lamulo la Sectional Titles. Lamuloli limalola munthu kukhala mwini wa gawo limodzi la nyumba yaikulu, monga fulati imodzi pa nyumba yosanjikizana, pomwe masitepe, denga, mapaipi ndi bwalo zimakhala za eni onse pamodzi. Pa Mtunthama nyumba zotere n'zosowa. Nkhaniyi ikhudza kwambiri Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Komabe mfundo yake ikugwira ntchito pa mdadada uliwonse: anthu ambiri akakhala pa puloti imodzi, zinthu zogwiritsa ntchito limodzi zimafunika kukhala ndi ozisamalira odziwika ndi ndalama zake. Pa mdadada zinthu zimenezi ndi chimbudzi, bafa, chitsime, ngalande ndi dzenje la zinyalala. Matenda amayambira pomwepo, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akolopa.

Miyezo inayi yoti muisunge pamtima

Woyamba ndi mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi madzi. Akatswiri a zaukhondo amalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita 30 kapena kuposerapo, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pansi pa dzenjelo pakhale pamwamba pa madzi a m'nthaka ndi mita imodzi ndi theka. Izi n'zofunika kwambiri pafupi ndi madambo, kumene madzi a pansi amakwera nthawi ya dzinja. Tizilombo ta m'chimbudzi timayenda m'nthaka yonyowa mpaka m'chitsime, madziwo akuonekabe oyera. Poyeza, musayang'ane puloti yanu yokha: chimbudzi cha oyandikana nawo sichidziwa malire.

Wachiwiri ndi chiwerengero cha zimbudzi. Ngakhale m'misasa ya anthu othawa kusefukira kwa madzi, mabungwe othandiza amayesetsa kuti chimbudzi chimodzi chisapose anthu 20. Mdadada wa zipinda 10, banja lililonse la anthu asanu, ndi anthu 50. Pamenepo pafunika zimbudzi zosachepera zitatu, chilichonse ndi chivindikiro, komanso mpondagiya ndi sopo kapena phulusa pakhomo. Chimbudzi chikakhala chimodzi, m'mawa pamakhala mzere, ndipo ana amathamangira kuseri kwa nyumba.

Wachitatu ndi mazenera. Muyezo umene omanga ambiri amatsata ndi wakuti mazenera akhale gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa pansi pa chipinda. Chipinda cha mamita atatu mbali zonse chifunika zenera la pafupifupi mita imodzi mulitali ndi mulifupi, lotseguka, osati njerwa ziwiri zozula pakhoma. Chifuwa chachikulu cha TB ndi chikuku zimafala kudzera mumpweya, ndipo zimagwira mwachangu m'chipinda chothinana chopanda polowera mphepo. Miyezi yozizira ya June ndi July kumabweranso vuto lina: mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka kapena kununkha, koma umapha anthu ali m'tulo. N'chifukwa chake pulani yabwino imasiya khonde kapena khitchini yapanja.

Wachinayi ndi mpata. Malamulo a mapulani salola kumanga puloti yonse mpaka m'malire. Mpata wotsalawo ndiwo umalandira madzi a mvula ndi a kubafa, ndiwo pokumba chimbudzi china chakale chikadzadza, ndiwonso polowera galimoto yonyamula wodwala. Madzi akasowa kolowera amadikha, ndipo nyengo yotentha udzudzu umatha kuchoka pa dzira kufika pouluka m'masiku osakwana 14. Zithaphwi ndi maenje otsala poumba njerwa akhoza kudwalitsa malungo ana a mdadada wonse.

Tidaona kale zotsatira zake

Mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022 udafika m'maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Kolera imalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Kolorini ndi katemera zimathandiza mliri ukabuka, koma chimbudzi chikakumbidwa pafupi ndi chitsime, vutolo limakhala pomwepo chaka ndi chaka.

Kuthinana kumapha m'njira zinanso. Abale athu amene ali ku Joni akukumbukira moto wa pa 31 August 2023 umene udapha anthu oposa 70, kuphatikizapo Amalawi, m'nyumba ina yosanjikizana mu mzinda wa Johannesburg. M'nyumbamo anthu adachulukitsa ndipo njira zothawira zidali zotsekeka. Mdadada wa mazenera a zitsulo, khomo limodzi ndi geti yokhoma usiku uli ndi chiopsezo cha mtundu womwewo, ngakhale ndi waung'ono.

Chifukwa chimene ambiri satsatira

Eni nyumba nawo ali ndi zifukwa zomveka. Kujambulitsa pulani kumafuna ndalama, ulendo wa ku boma umadya thiransipoti ndi tsiku lonse, ndipo malo a chimbudzi chachitatu akadakhala chipinda china cholowetsa lendi mwezi ndi mwezi. Koma nyumba ikatha, kusuntha chitsime kapena kugumula khoma kumadula kuposa kuyeza ndi chingwe pachiyambi. Ndipo ngakhale pulani idadutsa kapena ayi, lamulo la Public Health la 1948 limapatsa a zaumoyo mphamvu yoyendera malo ndi kulamula mwini wake kukonza chilichonse choika moyo wa anthu pangozi.

Gawo lanu

Inu makolo, musanapereke lendi ya mwezi woyamba, werengani makomo ndi zimbudzi. Yezani ndi mapazi kuchoka pa chimbudzi kufika pa chitsime. Mamita 30 ndi pafupifupi mapazi 40 a munthu wamkulu akuyenda. Tsegulani zenera muone ngati likutseguka. Funsani alandilodi kuti chimbudzi chikadzadza alipire ndani, ndipo mugwirizane ndi alendi anzanu za masiku okolopa.

Inu odzipereka pa zaumoyo, nthawi yabwino yofika pa puloti ndi pamene zikhomo ndi zingwe zangoikidwa kumene. Mukaona njerwa zaunjikidwa, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akambirane ndi mwini wake mwaulemu. Lembani midadada ya m'mudzi mwanu, chiwerengero cha anthu, zimbudzi ndi malo otunga madzi, ndipo mukapereke ku msonkhano wa VDC kuti nkhaniyo ikafike ku ADC ndi ku khonsolo. Chitani izi chilimwe chino, mvula yoyamba isanagwe.