Bolodi la siling'i limagwiridwa ndi pepala

Chaka chatha ndinaika siling'i ya jipisamu m'chipinda cha ana anga. Mmisiri atandilembera zofunika kugula, ndinaona kuti walemba misomali. Nditafunsa za masikuluu anaseka: "Aphunzitsi, musataye ndalama. Msomali ndi msomali basi, ife takhoma nyumba zambiri." Ndinavomera, poti thumba linali litapepuka kale. Pofika Okutobala, malata atatentha, pasiling'i panatuluka timatuza tondondozana ngati mikanda. Mvula itayamba, ngodya ya bolodi limodzi inalendewera pamwamba penipeni pa bedi la mwana wanga. Bolodi lotalika mamita 2.4, mulifupi mamita 1.2, lochindikala mamilimita 12.5, limalemera pafupifupi makilogalamu 25. Ganizirani likanagwa usiku.

Chondipweteka n'chakuti yankho ndinali nalo, ndipo ndimaliphunzitsa chaka chilichonse pamutu wa makina. Maganizo anga lero ndi awa: pa jipisamu msomali ayi, ndipo sikuluu yake isakhale yongotola m'chitini.

Tiyambe ndi msomali. Umagwira chifukwa thabwa laufinya m'mbali, ndi friction yokha basi. Matabwa ambiri a paini timawagula asanaume bwino. Akamauma pansi pa malata otentha amanyala, bowo limamasuka, ndipo kulemera kwa bolodi kumakoka msomali molunjika pansi, njira yomwe unalowera. Timatuza tija inali mitu ya misomali ikukankha pulasitala.

Sikuluu ndi ina. Dulani pepala la ngodya zitatu, mulikulunge pa pensulo. Mzere wotsetsereka uja usanduka mazinga. Ndiye kuti sikuluu ndi inclined plane yokulungidwa pa kachitsulo. Mtunda wochoka pa zinga limodzi kufika pa linzake timati pitch. Tiyerekeze kuti pitch ndi mamilimita 3, ndipo chogwirira cha sikuludiraiva n'chonenepa mamilimita 30. Mukapotoza kamodzi, dzanja layenda mamilimita 94, sikuluu yalowa mamilimita 3 okha. Velocity ratio ndi 31 ndi kanthu. Mphamvu yambiri imathera mu friction, zoona, ndipo pamayeso mudzalemba kuti efficiency ya sikuluu ndi yotsika. Koma kutsika komweko ndi kumene kumailetsa kudzimasula yokha. Kuti muizule mosapotoza, muyenera kuthyola ulusi wonse wa thabwa umene wakhala pakati pa mazinga.

Nanga pahadiweya musankha iti? Yang'anani chimene bolodi likukhomedwapo. Ngati ndi thabwa, tengani ya mazinga otalikirana, chifukwa imaluma thabwa lochuluka pakati pa zinga ndi zinga. Ngati ndi tizitsulo topyapyala tija ayamba kugwiritsa ntchito m'maofesi, tengani ya mazinga othithikana. Chitsulocho sichifika n'komwe milimita imodzi kuchindikala, ndiye mazinga otalikirana amangokuza bowo, sikuluu n'kumazungulira pachabe.

Pa utali ndi pamene ndimakangana ndi anthu. Ambiri amati yaitali ndiye yolimba. Ayi ndithu. Sikuluu imafunika kulowa m'thabwa pafupifupi mamilimita 16 ikapyola bolodi, n'chifukwa chake pa bolodi la 12.5 amagwiritsa ntchito ya mamilimita 32. Ya mamilimita 50 imavuta kuiwongola, imalowa mopendama, mutu wake n'kung'amba pepala mbali imodzi. Thabwa likamanyala, sikuluu yaitali ndi imenenso imatukuka kwambiri, poti gawo la thabwa limene likunyala pakati pa nsonga yake ndi bolodi ndi lalikulu. Musaiwalenso kuti kudenga kumadutsa mawaya a magetsi.

Tsopano tiwerengere limodzi, apa ndi pamene pali nkhani. Makilogalamu 25 ndi pafupifupi manyutoni 250. Matabwa akatalikirana masentimita 40, ndipo masikuluu akaikidwa pa masentimita 30 aliwonse, bolodi limodzi limadya masikuluu 35. Gawani 250 ndi 35. Sikuluu iliyonse ikunyamula manyutoni 7 okha, osafika n'komwe kulemera kwa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Kachitsulo sikangaduke ndi katundu ameneyo. Ndiye chimalephera n'chiyani?

Ndi bolodilo. Jipisamu ndi calcium sulphate yokhala ndi madzi m'kati mwa timakhiristo take, ndipo n'chifukwa chake imachedwetsa moto. Koma ndi yofewa moti chikhadabo chimaikanda, ndipo imafumbutuka ngati choko. Nyonga yake ili pa mapepala awiri okhuthala amene aikuta uku ndi uku. Mutu wa sikuluu umagwira pepala limenelo. N'chifukwa chake mutu wa sikuluu ya jipisamu, yakuda ija, ndi wopindika pang'onopang'ono kunsi kwake ngati kukamwa kwa lipenga. Umatsendereza pepala n'kupanga kadzenje kosazama popanda kulidula, ndipo mphamvu imagawika pamalo otambalala. Pressure ndi mphamvu kugawa ndi malo, mukukumbukira eti? Sikuluu wamba ya matabwa ili ndi mutu wosongoka ngati mphero, umene umang'amba pepala n'kulowa mu ufa.

Ngakhale sikuluu yoyenera, mukaikankha kwambiri ndi dirilo mpaka pepala kuphulika, mwaipha. Ili m'malo mwake, ikuoneka bwino, koma sikugwira kanthu, ndipo katundu wake wapita kwa zinzake zoyandikana nazo. Zikatero ikani ina masentimita 4 kapena 5 pambali pake. Musaikenso pafupi kwambiri ndi m'mphepete, siyani sentimita imodzi kuti jipisamu asanyenyeke. Kumene kuli chinyezi, monga kubafa, samalani, masikuluu akuda aja amachita dzimbiri ndipo limatulukira pa penti ngati madontho a tiyi.

Wina anena kuti, "Sala, masikuluu ndi odula, ndipo popanda dirilo ntchito imachedwa." Sinditsutsa. Kupotoza masikuluu 35 ndi dzanja, khosi lili chagada, si masewera, ndipo kumene kulibe magetsi nyundo ndi imene ilipo. Mmisiri uja sanali mbuli ayi. Anaphunzira ntchito pa siling'i za plywood, zimene ndi zopepuka ndipo misomali imazigwira bwinobwino. Koma yerekezani mtengo wa masikuluu 35 ndi wa bolodi limodzi, muonjezere pulasitala, penti ndi ya mmisiri wobwera kachiwiri. Ine ndinalipira zonsezo.

Tinakonza chipinda chija Loweruka lina ndi mmisiri yemwe uja, titabwereka dirilo ya batire. Iye amamanga, ine ndimadutsitsa mpeni wa pulasitala pamutu uliwonse. Mpeni ukagunda n'kulira kuti "ke", ndiye kuti sikuluu sinalowe mokwanira. Pa bolodi loyamba tinaphulitsa pepala kanayi. Pa lachitatu dzanja lake linali litazolowera, moti anayamba kundiuza ine kuti, "Aphunzitsi, iyo mwaipyoletsa, ikani ina."