MASO NDI MANKHWALA A M'SITOLO (Gawo 2): Kabotolo Koyeretsa Diso

Nyengo ya chilimwe ikafika, pamene fumbi limauluka m'miseu ndipo utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri, ogulitsa mankhwala amadziŵa kuti malonda a timabotolo ta m'maso ayamba kuyenda. Munthu amafika m'sitolo ya mankhwala, kapena pa benchi ya mumsika, diso lili psuu, nangoti, "Ndipatseni mankhwala a maso." Wogulitsa amatola kabotolo, amalandira ndalama, nkhani yathera pomwepo. Sanafunse kuti disolo linayamba liti, kaya likuŵaŵa kapena likungoyabwa, kaya mwini wake akuona bwino kapena ayi. Pa mafunso osafunsidwa ameneŵa mpamene pagona vuto lonse.

Kugula mankhwala a maso popanda kupita kuchipatala si kulakwa ayi. Chipatala chili kutali, mzere wa odwala ndi wautali, ndipo mlimi sangasiye dimba lake tsiku lathunthu chifukwa cha diso loyabwa. Ndiponso matenda ambiri a maso ndi aang'ono, otha okha. Chofunika nchakuti wogula ndi wogulitsa yemwe adziŵe malire a zimene kabotoloko kangathe kuchita.

Choyamba chimene anthu ambiri safuna kumva nchakuti diso lofiira kaŵirikaŵiri limafuna madzi ndi kuleza mtima, osati mankhwala. Nthenda ya maso ofiira imene inabuka ku Karonga m'mwezi wa February chaka cha 2024 nifalikira m'maboma ena, nigwira anthu zikwizikwi, inali ya mtundu woyamba ndi tizilombo ta vairasi. Tizilombo timeneti sitifa ndi tetracycline kapena chloramphenicol, pakuti mankhwala aŵiriŵa amapha mabakiteriya okha. Nthenda yotere imatha yokha pa sabata imodzi kapena ziŵiri. Chimene wodwala angachite ndi kupukuta manthongo ndi kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi oŵiritsa amene azizira, kuika kansalu kozizira pa zikope, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kusabwerekana chopukutira ndi anzake a m'nyumba. Malangizo ameneŵa amamveka ngati opeputsa matenda, chifukwa munthu amene wayenda ulendo ndi ndalama m'thumba amafuna kubwerera ndi kanthu m'manja.

Kachotupa ka m'mphepete mwa chikope nakonso sikafuna zambiri. Nsalu yofunda yoikidwa pachikope kwa mphindi 10, katatu kapena kanayi patsiku, imakafeŵetsa mpaka kaphulike kokha. Kukafinya ndi zala kumangofalitsa mafinya. Maso ouma ndi mphepo kapena utsi wa m'khitchini amapeza bwino ndi madontho ongonyowetsa diso, amene alibe mankhwala amphamvu. Mafuta a tetracycline ali ndi malo ake pamene diso likutulutsa manthongo achikasu ndipo zikope zikumatana m'maŵa. Dontho limodzi limakwana, popeza diso silingasunge madontho aŵiri pa nthaŵi imodzi, ndipo lachiŵirilo limangotsikira patsaya. Kabotolo kakatsegulidwa kayenera kutayidwa pakatha masiku 28, ngakhale katakhala kodzaza; m'nyumba zambiri kamasungidwa pa zenera chaka chathunthu, kakuthandiza agogo, mdzukulu ndi mlendo yemwe.

Koma pali gulu lina la madontho limene liyenera kuopedwa, ndipo ndilo limene anthu amalikonda koposa. Ndiwo madontho okhala ndi mankhwala otchedwa steroid. Maina ake amaoneka pa kabokosi m'zilembo zing'onozing'ono: dexamethasone, betamethasone, prednisolone, hydrocortisone. Nthaŵi zambiri amasakanizidwa ndi mankhwala opha mabakiteriya monga neomycin, kotero kuti wogula amaganiza kuti wapeza mankhwala wamba a maso. Ntchito ya steroid ndi kuziziritsa kutupa. Munthu akadontheza madzulo, m'maŵa diso layera, kuyabwa kwatha, ndipo iye amauza mnansi wake kuti wapeza mankhwala enieni. Mnansiyo amakagula akenso. Mbiri ya kabotoloko imayenda mudzi wonse popanda woilengeza pa wailesi.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'kati mwa diso muli madzi amene amapangidwa ndi kutuluka nthaŵi zonse kudzera m'tinjira ting'onoting'ono. Steroid akagwiritsidwa ntchito kwa milungu ingapo amachepetsa kutuluka kwa madziwo mwa anthu ena, ndipo diso limayamba kuthina m'kati. Kuthinako kumafinya mtsempha umene umatenga zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. Nthenda imeneyi, imene madokotala amaitcha glaucoma, kaŵirikaŵiri siiŵaŵa. Imayamba kudya kuona kwa m'mbali, munthu osazindikira, ndipo mtsemphawo ukafa palibe opaleshoni kapena mankhwala amene angaudzutse. Kugwiritsa ntchito madonthoŵa kwa miyezi kumabweretsanso ng'ala ngakhale kwa mwana.

Ana ndiwo ali pangozi yaikulu pa nkhani imeneyi. Pali nthenda ya kuyabwa kwa maso imene imagwira ana ambiri m'maiko otentha, makamaka anyamata, imene imasandutsa choyera cha diso kukhala chofiirira ngati dothi ndipo imabwerabwera chaka ndi chaka. Kholo limene laona kuti kabotolo kena kamathetsa kuyabwako tsiku limodzi limagula kena, kenanso, mpaka mwana wafika Sitandade 5 akudonthezeredwa tsiku ndi tsiku. Palibe amene angalinene kholo lotere kuti ndi losasamala. Likuchita zimene laona kuti zikuthandiza. Komatu alipo madontho ena a nthenda yomweyi, monga sodium cromoglicate, amene sathinitsa diso. Vuto lake nlakuti amachedwa, amafuna kudonthezedwa kanayi patsiku kwa masiku angapo asanaonetse mphamvu, ndipo mankhwala ochedwa satchuka pamsika.

Ngozi yachiŵiri ya steroid imaoneka msanga. Kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera bwino, kamene makulidwe ake ndi pafupifupi theka la milimita. M'nyengo yokolola tsamba la chimanga kapena mankhusu a mpunga zikakanda kagalasi kameneka, pamatha kuloŵa nkhungu nkuyambitsa chilonda. Steroid amafooketsa asilikali a thupi pamalopo, motero chilondacho chimakula diso likuoneka ngati likuchira. Wodwala amafika kuchipatala patapita milungu iŵiri, kagalasi katayera kale ngati mkaka, mwinanso kataboola. Madokotala a maso amagwiritsa ntchito mankhwala omweŵa tsiku ndi tsiku, ndipo amapulumutsa nawo maso ambiri, koma amatero atayang'ana kagalasiko ndi makina ndi kuyeza kuthina kwa diso. Wogulitsa wa pa benchi alibe makina, ndipo nthaŵi zina sadziŵa nkomwe chimene chalembedwa pa kabokosi.

Za mkodzo, madzi a mandimu, fodya, madzi a masamba ndi zina zimene anthu amathira m'maso sizifuna mau ambiri. Mkodzo wa munthu wodwala chinzonono ungathe kuboola diso m'masiku oŵerengeka. Amene anathira zotere nachira, anachira chifukwa nthendayo inali yotha yokha.

Tsono malire ali pati? Diso limene likungoyabwa, kutuluka misozi kapena manthongo, mwini wake akuona monga kale, lingathe kusamalidwa kunyumba kwa masiku aŵiri kapena atatu. Koma ngati kuona kwachepa, ngati diso likuŵaŵa m'kati kapena likuopa kuŵala kwa dzuŵa, ngati pa kagalasi paoneka kadontho koyera, ngati linalasidwa ndi kanthu, pamenepo sitolo ilibenso gawo. Khanda losakwana mwezi limene maso ake akutuluka mafinya liyenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo, chimodzimodzinso mwana wodwala chikuku amene akukana kutsegula maso. Laimu, simenti, asidi wa m'batire kapena malovu a njoka zikagwera m'diso, mankhwala oyamba ndi madzi ambiri, kutsuka kosalekeza kwa mphindi 20, ndipo ulendo wa kuchipatala ubwere pambuyo pake. Zipatala za maboma zili ndi ogwira ntchito ophunzira za maso, ndipo matenda aakulu amatumizidwa ku zipatala za maso monga za ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma.

Mwambi wakuti safunsa anadya phula umanenedwa kwa wogula nthaŵi zonse, koma pa nkhani iyi uyenera kutembenuzidwira kwa wogulitsa. Munthu wa diso lotupa sangaŵerenge tizilembo ta pa kabokosi, ndipo ngakhale ataŵerenga, dzina lakuti dexamethasone silimuuza kanthu. Amene ali kuseri kwa kauntala ndiye ali ndi udindo wofunsa mafunso aja, ndi wokana kugulitsa pamene mayankho ake ali oipa. Kukana kumeneku kumamutayitsa ndalama za tsikulo, ndipo wogula amangopita kwa wina wapafupi. Nchifukwa chake nkhaniyi singasiyidwe pa chikumbumtima cha ogulitsa okha. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo limayang'anira kagulitsidwe ka mankhwala m'dziko muno. Madontho a steroid sayenera kuchoka m'sitolo popanda chikalata cha dokotala, ndipo pa benchi ya mumsika, pakati pa sopo ndi machesi, sayenera kupezekapo nkomwe.

Dziko lino linaonetsa kale kuti likatsimikiza mtima pa nkhani ya maso limapambana. Mu September 2022 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti Malaŵi wagonjetsa trachoma, nthenda imene inkapinda zikope ndi kuchititsa khungu anthu ambiri a m'midzi. Ntchito ija inafuna zaka zambiri, mankhwala ogaŵidwa mudzi ndi mudzi, ndi maopaleshoni a zikope. Kuchotsa timabotolo ta steroid m'misika kumafuna oyendera masitolo ndi ogulitsa ophunzitsidwa kuŵerenga kabokosi.

(Gawo 3 lidzafotokoza za magalasi oŵerengera ogulidwa mumsika, ndi chifukwa chake munthu akapitirira zaka 40 amayamba kutalikitsa nyuzipepala.)