Olemba mbiri ya Chilembwe akufunika kutsinidwa khutu

Chaka chilichonse pa 15 January magulu a WhatsApp amadzadza ndi nkhope ya Mbusa John Chilembwe, nkhope yomweyo ili pa K500 ndi pa K2,000. Pansi pa chithunzi pamabwera mawu amene amati iye anauza anthu ake asanaukire boma la atsamunda, onena za kumenya kamodzi kenaka n'kufa. Andale akapita ku PIM ku Chiradzulu amawatchula, atolankhani timawalemba, ana asukulu amawaloweza. Koma ndani anawamva mawuwo?

Njira imene anatifikira nayi. George Simeon Mwase, kalaliki wa boma, anamangidwa mu 1931 pa mlandu wa ndalama za msonkho. Ali kundende ya Zomba anakumana ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa amene anali nawo pa kuukira kwa 1915. Mwase analemba zomwe anamva patatha zaka pafupifupi 17 chichitikire nkhaniyo, ndipo zolembazo zinangokhala mpaka mu 1967 pomwe Robert Rotberg wa ku America anazisindikiza pa mutu wakuti Strike a Blow and Die. Mwase mwini wake ku Mbombwe kunalibe. Ndiye kuti mawu otchukawa anadutsa m'khutu la Kampingo, m'cholembera cha Mwase ndi m'manja mwa mkonzi, kenaka olemba mabuku ndi nkhani za m'nyuzipepala n'kumawabwereza ngati panali wina anawajambula pa foni.

Apa sindikunena kuti Mwase ananama. Umboni wake ndi wa mtengo wapatali, chifukwa ndi Mmalawi amene analemba za Chilembwe nthawi yomwe olemba ambiri anali azungu. Koma ndi umboni umodzi, ndipo uli ndi kumene ukupendekera: umajambula Chilembwe ngati John Brown wa ku America, munthu wosankha dala kufa kuti dziko limve. Ena anamuona mosiyana. George Shepperson ndi Thomas Price, m'buku lawo Independent African la 1958, anatsindika za mbusa wophunzira amene anatopa ndi thangata, tsankho komanso kutengedwa kwa anthu akuda kukafa pa nkhondo ya azungu. Mu 1971 Jane ndi Ian Linden analemba kuti chikhulupiriro cha kutha kwa dziko chinali ndi gawo lalikulu m'maganizo a oukirawo. Akatswiri akhala akukangana pa izi kwa zaka zambiri, koma Chilembwe amene amafika pa foni yanu ndi mmodzi yekha, wosalala bwino, wopanda mafunso.

Amene amasalaza nkhani chonchi ndi olemba otchuka, aja amalembera ife anthu wamba osati anzawo a ku yunivesite. Kuno kwathu dzina lalikulu ndi malemu D.D. Phiri, amene anamwalira mu March 2019. Analemba za Chilembwe m'mabuku a Malawians to Remember m'zaka za m'ma 1970, kenaka Let Us Die for Africa mu 1999, ndipo kwa zaka zambiri ankalemba mu The Nation. Amalawi ochuluka mbiri ya dziko lawo anaidziwira mwa iwo. Ntchito imeneyo ndi yaikulu, ndipo ndi chifukwa chomwecho zolemba zawo ziyenera kugwiridwa mwamphamvu kuposa za wina aliyense. Mphunzitsi wa ku yunivesite akalakwitsa m'kabuku kowerengedwa ndi anthu ochepa, anzake amamukonza komweko. Wolemba wotchuka akatenga mbali imodzi, mbaliyo imalowa m'kalasi, m'ulaliki, m'zolankhula za nduna, mpaka imasanduka "zomwe aliyense amadziwa".

Taonani zomwe zimatsala panjira nkhani ikamafupikitsidwa. Tsiku la 15 January si tsiku limene kuukira kunayamba, kunayamba usiku wa 23 January 1915. Si tsikunso limene Chilembwe anaphedwa, anaphedwa pa 3 February cha ku Mulanje. Tonse timadziwa za William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero, amene ankazunza antchito n'kumawotcha matchalitchi a PIM, yemwe anadulidwa mutu usiku umenewo. Koma ndi angati amatchula kuti patangopita masiku ochepa oukirawo anawotcha mishoni ya Katolika ya Nguludi, m'boma lomweli la Chiradzulu, n'kuvulaza wansembe? Ndi angati amafunsa chifukwa chimene mafumu ambiri ndi anthu a m'midzi yozungulira sanalowe nawo? Nanga anthu pafupifupi 40 amene boma linawapha ndi ena pafupifupi 300 amene linawatsekera, mayina awo ali kuti m'nkhani zathu? Kufunsa izi sikuchepetsa Chilembwe. Kumamubweza pakati pa anthu enieni a ku Chiradzulu, Alomwe ogwira thangata, Akatolika a ku Nguludi, mafumu a Chiyao, amene onse anali ndi zawo zoopa ndi zawo zoyembekeza.

Kunja kuno wolemba wotchuka sanyengereredwa. Greg Mortenson anagulitsa mamiliyoni a buku la Three Cups of Tea, lofotokoza momwe ankamangira masukulu ku Pakistan ndi Afghanistan. Mu 2011 wolemba mnzake Jon Krakauer ndi pulogalamu ya 60 Minutes anaonetsa kuti mbali zina za nkhaniyo zinali zopeka ndipo ndalama za bungwe lake sizinkayenda bwino. Chaka chotsatira anavomera kubweza 1 miliyoni ya madola. Naomi Wolf naye mu 2019 anauzidwa pa wailesi ya BBC, pulogalamu ili mkati, kuti sanamvetse mawu a m'mabuku akale a khoti ku London, moti anthu amene iye analemba kuti ananyongedwa sananyongedwe. Wosindikiza wake ku America analisiya bukulo. Zinali zowawa, inde. Koma Krakauer akanati anong'oneze Mortenson kumbali mwaulemu, anthu akanapitiriza kusonkha ndalama osadziwa kanthu.

Kwathu kuno buku timalilandira ngati mkwatibwi. Pamwambo wokhazikitsa pamakhala mlendo wolemekezeka, wina amagula buku loyamba pa mtengo wokwera, zithunzi zimapita pa Facebook, basi nkhani yatha. Ndemanga ikatuluka m'nyuzipepala imakhala yongofotokoza mutu woyamba mpaka womaliza, n'kutsekera ndi mawu akuti aliyense agule. Zifukwa zake n'zomveka. Olemba ndi ochepa ndipo amadziwana. Ambiri amasindikiza ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndiye kudzudzula kumaoneka ngati kuthira mchenga mu nsima ya mnzako. Wolemba akakhala wamkulu msinkhu, wachinyamata womutsutsa amamva kuti alibe mwambo. Palinso mantha amene tinatengera kwa makolo athu: lamulo la Censorship la 1968 linkaletsa mabuku, Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo Landeg White, amene pambuyo pake analemba buku la Magomero mu 1987, anapitikitsidwa m'dziko muno mu 1972. Mtundu umene unaphunzira kuti cholembera chimamangitsa suphunzira msanga kukangana poyera za mabuku.

Komatu akuluakulu omwewo ndi amene anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsina kumapweteka, n'chifukwa chake munthu amatembenuka. Ndemanga yofewa yakuti "bukuli likanakoma likanawonjezerako pena ndi pena" siifika kwa wowerenga amene wagula kale bukulo. Yoti "tsamba lakutilakuti likunena izi, umboni wa mu 1915 ukunena zina, wolemba atiuze komwe anazitenga" imafika, ndipo wolemba wotsatira amaganiza kawiri asanakopere.

Pamenepa ndiye pali malire amene anzanga a pa Facebook sitimawaona. Kunena kuti wolemba ndi mdala wotha ntchito, ndi wa chigawo chakutichakuti, kapena wadya za chipani, si kudzudzula buku ayi. Ndi ulesi wovala jekete, chifukwa wotukwanayo nthawi zambiri bukulo sanalitsegule n'komwe. Krakauer analondola masiku ndi ndalama. Matthew Sweet, amene anatsutsa Naomi Wolf, anabwera ndi zolemba za khoti m'manja. Ukali wawo unali mu umboni. Mu July 2025 High Court inagamula kuti gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuipitsa dzina la munthu kukhala mlandu wopita nawo kundende, n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mpata wolankhula wakula, koma wolemba amene mwamunamizira akhozabe kukusumirani kuti mumulipire, ndipo n'koyenera kutero.

Pa nkhani ya Chilembwe zida zodzudzulira zilipo kale. Boma la atsamunda linakhazikitsa komiti yofufuza kuukiraku mu 1915, ndipo John McCracken anasonkhanitsa umboni umene anthu anapereka kumeneko m'buku la Voices from the Chilembwe Rising la 2015. M'menemo mboni zachikuda zikudandaula za malipiro, za kukwapulidwa, komanso za kukakamizidwa kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Nkhani ya chipewayi ndi imene Samson Kambalu anaitola pomwe anaumba Antelope, chiboliboli cha Chilembwe atavala chipewa pafupi ndi m'mishonale John Chorley, chimene chinaimikidwa ku Trafalgar Square ku London mu September 2022. Mmisiri anabwerera ku chithunzi cha 1914 n'kupezamo Chilembwe amene mawu oloweza aja satisonyeza.

Vuto ndi lakuti mabuku a McCracken, White ndi Shepperson ali m'Chingerezi cholimba, anasindikizidwa ku Ulaya, ndipo mtengo wake si wa mnyamata amene akuwerengera bandulo ya sabata. Wa ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi adzapitiriza kudziwa mbiri ya boma lake kudzera mwa wolemba wotchuka, wa pa wailesi ndi wa pa TikTok. Ntchito yoika buku lotchuka pambali pa umboni wa 1915, tsamba ndi tsamba, n'kulemba m'Chichewa pomwe zikusiyana, ikudikira ophunzira mbiri a ku Zomba ndi ku Mzuzu, komanso akonzi amene angalole ndemanga yotere kutuluka ngakhale wolembayo atakhala mnzawo wa kutchalitchi.