Amisiri a Matabwa Afuna Mitengo ndi Maoda

Munthu woyenda pa Mchesi mu mzinda wa Lilongwe, kapena pa Ndirande ku Blantyre, amaona mabedi, matebulo ndi makabati zili mndandanda m'mbali mwa msewu, dzuwa ndi fumbi zikuthera pomwepo. Amisiri alipo, koma ogula achepa. Anthu a pa ntchito, amene kale akalandira malipiro oyamba ankapita kwa kalipentala kukapangitsa tebulo la mlombwa, lero akuthamangira kusitolo kukagula kabati yonyezimira yochokera ku China kapena ku South Africa. Pamaliro ndi paukwati mipando ya pulasitiki ndiyo yalanda malo.

Luso limeneli si ladzulo. Amishoni a ku Blantyre ankaphunzitsa anyamata kupala matabwa, ndipo sukulu ya ku Khondowe, imene Dr Robert Laws adaiyamba mu 1894, idatulutsa amisiri otchuka. Mipando ina ya nthawi imeneyo ikugwirabe ntchito m'matchalitchi. Kabati yautuchi womata ndi guluu ikangolawa chinyezi cha dzinja imafufuma, osakonzekanso. Mwini wake amagula kawiri.

M'mwezi wa Marichi 2025 Boma lidaika katundu wamatabwa wa m'nyumba pa mndandanda wa zinthu zoletsedwa kulowa m'dziko muno. Cholinga chake chidali chabwino, pakuti dziko losowa ndalama zakunja siliyenera kuzitayira pa mpando. Koma tinene mosabisa kuti chiletso pachokha sichipatsa mmisiri thabwa.

Apa ndiye pali gwero la vuto. Mlombwa ndi mbawa zasowa m'nkhalango zathu. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idasakazidwa ndi moto ndi macheka, kubzala kuli kochepa. Mmisiri wamng'ono alibe ndalama zogulira matabwa ambiri kuti awasunge aume. Amagula lero paini wauwisi, mawa nkukhoma. Pakapita miyezi itatu chitseko chapindika, wogula nalumbira kuti sadzabweranso. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, guluu, vanishi, misomali ndi mahinjesi zidakwera pamodzi, popeza zambiri nzochokera kunja.

Amisiri nawonso ali ndi mlandu wawo. Kulandira chikole nkumazengereza miyezi, mwini katundu akabwera nkumuuza kuti "mubwere mawa", ndi khalidwe limene lathawitsa anthu ambiri. Ndiponso kukonda kwa anthu kwasintha: banja la lendi limene limasamukasamuka lifuna katundu wopepuka womasula, osati kabati yofuna amuna asanu ndi mmodzi kuinyamula. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, liyenera kuphunzitsa zimenezi pamodzi ndi kaumitsidwe ka matabwa.

Koma mphamvu yaikulu ili m'manja mwa owerenga tsamba lino. Sukulu zambiri za pulayimale ana akuphunzirabe atakhala pansi. Inu aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu ndi akuluakulu ogula katundu wa Boma, oda ya madesiki ikatuluka igaweni m'zigawo zazing'ono zimene gulu la amisiri a m'boma lomwelo lingakwanitse. Mukalandira madesikiwo lipirani msanga, chifukwa mmisiri wodikira cheke miyezi isanu ndi umodzi amayamba wagulitsa zipangizo zake.